Mainjekita a Anganga

"Makiyi awa si a ku Phalombe," anatero a Macdonald, akuwagwedeza m'mwamba kuti ngakhale amayi otunga madzi pampopi amve kulira kwake. "Awa ndi makiyi a malemu achimwene anga a Winston. Inu akamwini munafika pano ndi kachikwama kamodzi, kopanda ndi zipi yomwe."

Henderson, mkamwini wa ku Phalombeyo, anali atakhala panjerwa m'munsi mwa khonde, manja ali bii ndi oyilo, maso pansi. Mkazi wake Loyce anaima pakhomo ndi mpeni kumanja, anyezi kumanzere. Galimoto imene ankakanganirayo inali pambali pa nyumba itangozimitsidwa kumene, koma utsi wake unali ukadali lendelende pabwalo, moti nkhuku za oyandikana nawo zinasamukira kuseri kwa bafa.

Ife a m'Chikanda, kuno ku Zomba, galimoto imeneyi timaitchula kuti Anganga. Ndi ija yobiriwira, yaitali miyendo, yokoka ndi mawilo onse anayi, imene a Winston anagula paokushoni atapuma ntchito ya zankhalango kuphiri. Pomwalira anaisiyira Loyce, mwana wa mlongo wawo, monga mukudziwa kuti kwathu kuno chuma chimatsata kuchikazi. Loyce sayendetsa. Woyendetsa ndi Henderson, ndipo banja lonse limadya zotuluka m'mawilo a Anganga: pokwera phiri amanyamula ana a pakoleji opita kukasewera kudamu kapena alendo ofuna kuona nkhungu ya ku Chawe, potsika amatenga matumba a kachewere ndi madengu a sitiroberi. Kumulanda makiyi munthu ameneyu kunali kumulanda mkono wodyera.

Tsono a Macdonald, mng'ono wa malemuyo, ndiwo anatsala kukhala mwini mbumba. Analinso mkulu wa mpingo, wa jekete lake la batani limodzi. Chaka chimenecho ndi chija mafuta anasowa m'dziko muno, madalaivala nkumagona pamzere kufiling'i mpaka kumera ndevu. A Macdonald anapeza njira yawo. Zigubu za dizilo zinkawapeza kuchokera kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, iwo nkumagulitsa kuseri kwa nyumba yawo, chigubu chilichonse chitamangidwa kachingwe kabuluu pachogwirira kuti chizibwerera kwa mwini wake. Sabata iliyonse ankatumiza chimodzi kwa Henderson pamtengo wachibale, ndipo ankaonetsetsa kuti Chikanda yense wamva za chifundo chawocho.

"Atsibweni, galimotoyi yakalamba," anatero Loyce mofatsa. "Nkhalamba siilephera kutsokomola."

"Imatsokomola ikamaleredwa ndi mlendo. Malemu anaiyendetsa zaka ndi zaka, siinatulutsepo utsi wothamangitsa nkhuku. Ine ndikuimwetsa dizilo anzanu akugona pamzere, zikomo wake nkundiphera galimoto? Akuluakulu sananame, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Henderson anayamba kupukuta oyilo m'manja mwake. Mkamwini akayankha apongozi pagulu ndiye kuti wakula mwendo, ndipo iye mwendo wake ankaudziwa msinkhu wake.

A Macdonald anagamula okha mlanduwo, poti woimba mlandu ndi woweruza anali munthu mmodzi. Mwana wawo Monalisa anali ndi ukwati kumapeto kwa mwezi, ndipo anali atanenetsa kuti akachoka kutchalitchi akajambulitsa zithunzi kudamu, pamwamba pa phiri, osati pa maluwa a m'tauni pamene amajambulitsa aliyense. Anganga akadzakwera phirilo ndi mkwatibwi osatsokomola, nkhani idzaonedwa. Akadzalephera, makiyi adzapita kwa munthu wodziwa kusamala za eni ake. Atatero anaponya makiyiwo pafumbi, Henderson nkuwatola ndi manja awiri.

M'mawa mwake Anganga anakwawa mpaka ku Zakazaka, pansi pa mtengo wa mango pamene makaniko Medson amagwirira ntchito. Medson anamvetsera injini atapendeketsa mutu, nanena kuti matendawo ali m'mainjekita, tizitsulo tija tinayi tonga zala timene timapopera dizilo m'kati mwa injini. Anatizula, nkutiika pa kapampu kake kamanja. Anati injekita yamoyo imapemerera dizilo ngati nkhungu. Atapopa, yoyamba inangodontha ngati mphuno yachimfine, yachiwiri inalavulira kumbali nkunyowetsa nsapato ya Henderson, zinazo sizinayankhe nkomwe. Panalibe zotsuka kapena zopempherera, pankafunika ena.

Nkhani m'Zomba imayenda ndi mphepo. Dzuwa lisanapendeke a Macdonald anatulukira pa kabaza, atakumbatira bokosi lonyezimira lolembedwa zilembo zimene panalibe anatha kuziwerenga. Anati muli mainjekita atsopano, anabwera nawo mnzawo wina woyenda ku Joni, ndipo mkamwini angowalipira pang'onopang'ono popeza chibale ndi fupa, sichiwola. Medson atatsegula anapeza zitsulo zonenepa ngati chinangwa cha ku Domasi. Anayesa kulowetsa chimodzi pabowo, chinakana. Ananena mwaulemu kuti amenewa akuoneka ngati a thirakitala.

"Chitsulo ndi chitsulo," anatero a Macdonald. "Tupa mulibe? Palani mpaka chilowe. Anyamata a masiku ano mumafuna chilichonse chibwere chotafunatafuna."

Medson anakanda m'mutu ndi sipanala. Anati kupala angathe, kukhomerera ndi hamala angathenso, koma ali ndi pempho limodzi: poliza injini koyamba, eni ake a katunduyo adzaime pafupi, nkhope ili pa boneti, kuti adzaone bwino ntchito ya mainjekita awo. A Macdonald anayang'ana boneti, anayang'ana bokosi, nkukumbukira kuti kutchalitchi kuli msonkhano wa komiti ya ukwati. Bokosilo anapita nalo.

Loweruka Henderson ndi Loyce anatsikira m'tauni kusitolo ya masipeyala ya a Moosa, injekita imodzi yakufayo itakulungidwa m'kansalu ngati mankhwala a kwa sing'anga. A Moosa masiku ano amangokhala kumbuyo ndi kapu ya tiyi. Wogulitsa ndi mwana wawo Faheem, wobadwira m'Zomba momwemo, amene Chinyanja chake chimaposa cha ena a ife. Faheem sanafunse mtundu wa galimoto wokha ayi. Anapukuta injekitayo ndi sanza mpaka panaoneka manambala ang'onoang'ono odindidwa m'mbali, chifukwa, anati, galimoto zakalezi zimafanana nkhope koma mitima ndi yosiyana, ina inasinthidwa injini kangapo eni ake osadziwa. Atawerenga analowa m'kati, nabwera ndi mabokosi atatu.

Loyamba linali lokongola kuposa onse, la golide m'mbali, ndipo linali lotchipa. Lachiwiri munali mainjekita akale otsukidwa ndi kukonzedwanso. Lachitatu linali bokosi wamba lotuwa, koma manambala ake anali omwe aja a Anganga, ndipo mtengo wake Henderson ataumva anagwira m'mutu.

Loyce za injini sazidziwa, koma kugula amakudziwa. Anafunsa monga amafunsira zitenje pamsika: mwa zitatuzi, chosasuluka ndi chiti?

"Amayi, sindikunamizani," anatero Faheem. "Agolidewa akakufikitsani m'munsi mwa phiri, pamenepo mukatsike mukankhe. Otsukidwawa ndi mwayi wanu, ena amakhala, ena ayi, ine sindingalumbire. Otuwawa ndiwo a injini yanu. Koma ndikufunseni kaye achimwene. Dizilo mumamwetsa kuti?"

Henderson anayamba kuwerenga mafanibeluti opachikidwa pakhoma.

Faheem ananunkhiza injekita yakufayo, nakanda kunsonga ndi chikhadabo, nkuonetsa dzimbiri. Anafotokoza kuti kachitsulo aka kamakhala ndi moyo chifukwa cha kuterera kwa dizilo. Ukathiramo parafini kamauma nkudzidya kokha, madzi akalowamo kamachita dzimbiri. Anati mwezi umenewo aliyense wochokera ku Chikanda ankabwera ndi matenda omwewo, a minibasi, a jenereta, onse. Iye monga wamalonda anayenera kumavina, koma zinayamba kumuchititsa manyazi. Ndipo anachenjeza kuti ngakhale otuwawo, akamwa zimene anamwa anzawo, mwezi sautha.

Potuluka m'sitolomo mwamuna ndi mkazi analunjika kumlatho. Aliyense ankadziwa chimene mnzake akudziwa, ndipo aliyense ankadikira kuti ayambe ndi mnzakeyo.

Loyce anasankha otuwa. Anapita ku Likangala kwa mng'ono wake kumene ankasungitsa mbuzi zake, nkuzigulitsa zonse kwa ogulitsa kanyenya. Apa ndiye anaputa mavu, chifukwa mbuzi zimenezo a Macdonald anali ataziphika kale m'mutu mwawo, ataziika m'mbale za alendo a ukwati wa Monalisa. Atamva anafika pakhomo jekete lili m'manja. Anati mwana wa mlongo wawo wagulitsa chuma cha mbumba osafunsa mwini mbumba, ndipo nzeru yoteroyo siingachoke kwina koma ku Phalombe. Anasinthanso chigamulo chija: Anganga akwere phiri kapena asakwere, ukwati ukangotha makiyi abwerere kwa eni mtundu. Koma poti iwo ndi munthu wa Mulungu, dizilo apitiriza kutumiza.

Madzulo a tsiku limene Medson anamanga mainjekita atsopano, magetsi anazima monga mwa masiku onse. Loyce anapeza kuti botolo la parafini lauma. Anayang'ana nyali, anayang'ana chigubu cha kachingwe kabuluu chimene chinali chitangofika, nkuthira pang'ono m'nyalimo. Aliyense amene anayesapo kuyatsa dizilo m'nyali akudziwa zimene zimachitika, utsi wakuda ndi mwaye mpaka m'mphuno. Koma dizilo wa atsibweni anayaka mwaulemu, lawi loyera, galasi osada. Anayaka bwino kuposa parafini wa kugolosale.

Loyce anaika nyaliyo patebulo pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo a Peace, mwaiona nyaliyi?"

"Ndaiona. Ikuwala bwino."

"Ikuwala ndi chakudya cha Anganga."

Henderson anapumira m'mwamba. Anati iye anayamba kukayikira kalekale, fungo lokha linkanena, koma munthu wobwera angaloze bwanji chala apongozi, mkulu wa mpingo, nkunena kuti ndinu wakuba? Mawa lake angapeze kachikwama kake kaja kali panja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndiye tiziweta khosweyo mpaka amalize nyumba?"

"Inu ndi magazi awo, mayi a Peace. Kanenani ndinu."

"Ndikanena ine ati mwandituma ndinu. Mukanena inu ati mwakula mwendo. Akanena a Faheem ati mmwenye akufuna kugulitsa katundu wake. Atsibweni palibe angawagwire ndi pakamwa pake. Afunika adzigwire ndi pakamwa pawo."

Henderson anafunsa kuti zimenezo zingatheke bwanji, Loyce anati sakudziwa, nkupita kukapakula.

Chimene anagwirizana nchakuti Anganga asalawenso dontho la kachingwe kabuluu. Henderson anayamba kugona pamzere kufiling'i ngati anzake onse, nkumabwera m'mawa maso ali psuu ndi dizilo weniweni wochepa. Zigubu za apongozi ankazilandirabe ndi manja awiri, nkuthokoza, nkukazibisa kuseri kwa bafa pansi pa malata akale. Anganga nawo anasintha. Utsi unatha, chifuwa chinapola, ankalira ndi kiyi kamodzi, ndipo pachitunda cha ku koleji ankapitirira ma minibasi, zimene sanachitepo chimwalirire a Winston.

Koma taonani mmene zinthu zimapotokera. A Macdonald ataona Anganga akuthamanga, ngakhale anali atamva kuti mkamwini akugona pamzere kufiling'i, anasandutsa galimotoyo chikwangwani cha malonda awo. Aliyense wokayikira ankamuuza kuti ayang'ane galimoto ya malemu, nkhalamba yotheratu, mmene yatsitsimukira ndi dizilo wa ku Chilwa. Anthu anakhulupirira maso awo. Zigubu zinayamba kutha ngati mandasi, ndipo mmodzi wa ogula atsopano anali mayi Safina, wamasiye amene ali ndi chigayo cha dizilo kumunsi kwa msika wa Chikanda, chimene amaphunzitsira ana ake ndi ana a malemu mchemwali wake.

Sipanapite nthawi, chigayo cha mayi Safina chinayamba kutsokomola. Kenako chinangoti zii. Loyce anapita ndi chimanga chake nkupeza mayiyo atakhala pathumba la gaga, manja ali m'masaya, amayi ena akubwerera ndi madengu pamutu kukafuna chigayo cha kutali. Mayi Safina anati sakumvetsa, chifukwa dizilo amene anathira ndi yemwe uja akuyendetsa Anganga. Mawu amenewo anamulasa Loyce pamtima. Kubisa zigubu kuseri kwa bafa kunapulumutsa galimoto yake, koma kunapha chigayo cha mnzake. Anabwerera kunyumba chimanga chili chosagaya, ndipo tsiku lonselo anali wolusa moti ngakhale mphaka anadya kwa aneba.

Usiku wa chilanda mulamu, ukwati uli mawa lake, pamene achibale ankasenda anyezi ndi kusankha mpunga kwa a Macdonald, Loyce anakokera mwamuna wake pambali. Anamufunsa ngati thanki ili ndi dizilo wabwino wokwanira kukwera phiri ndi kutsika. Henderson anati yadzaza mpaka pakhosi. Loyce anati zili bwino, koma mawa akatuluka m'tchalitchi, mkwatibwi akakwera, iye adzanene kuti mafuta achepa, adzatsegule chotsekera thanki, basi. Zotsalazo asiyire eni mbumba.

"Mayi a Peace, mukufuna kundithamangitsitsa pamudzi pano."

"Akuthamangitsani kale, bambo. Mawa madzulo makiyi akupita. Wagwa m'madzi saopanso mvula."

Tsiku la ukwati Anganga anasamba ndi sopo wa ufa, anavala maliboni oyera ndi mabaluni pagalasi. Kunja kwa tchalitchi kunali anthu osaneneka, a kuchimuna ochokera ku Thondwe, amayi a chigwirizano, ankhoswe a mbali zonse, a minibasi amene anabwera kudzanyamula anthu, ndi mayi Safina amene anabwera ndi chitenje cha ukwati ngakhale mtima unali kuchigayo. Monalisa anakwezedwa kumbuyo ndi mwamuna wake, chovala chake choyera chitadzaza mpando wonse. A Macdonald, atavala suti yobwereka ndi duwa pachifuwa, anakhala kutsogolo pambali pa dalaivala, nkutsitsa galasi kuti anthu awaone bwino.

Amene sanakwerepo phiri la Zomba pagalimoto sangamvetse. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota, kumanja thanthwe, kumanzere phompho loti ukasuzumira tauni yonse imaoneka ngati mbale za ana. Galimoto yolemera ngati Anganga ikazimira pakona yokwera, mabuleki amauma, ndipo imayamba kubwerera chambuyo yokha. A Macdonald ankazidziwa bwino zimenezi, anakwera phirilo kambirimbiri m'galimoto ya achimwene awo.

Henderson anakhala pachiwongolero, anagwira kiyi, nkuyang'ana pa geji imene inafa kale nthawi ya chipani chimodzi. Mawu anatuluka ngati a munthu wodwala malungo. Anati pepani apongozi, mafuta akuoneka ngati achepa, sangatifikitse kudamu. Anatsika nkutsegula chotsekera thanki.

A Macdonald anayamba kale kukweza mawu za ulesi wa anthu a ku Phalombe, pamene gulu linapatuka. Loyce ankabwera ndi chigubu pamutu, fanulo m'manja, akuyenda monyadira ngati wanyamula mphatso ya perekaniperekani. Pachogwirira pa chigubucho pankalendewera kachingwe kabuluu. Anatula, anagwada pang'ono kuyang'ana kwa atsibweni ake, nayankhula mokweza kuti a ku Thondwe amvenso.

"Musadandaule atsibweni, mwana wanu sagona panjira. Dizilo wanu uja munatipatsa Lachitatu ndinasunga dala kuti adzakweze Monalisa phiri. Tsiku ngati lalero tingathirenso wa kwa eni ake, wathu wa pamtundu alipo?"

Amayi a chigwirizano analuluta. Loyce analowetsa fanulo, anatsegula chigubu, nkuchinyamula mpaka pakamwa pa thanki.

Sindinaonepo munthu wa zaka zimenezo akutuluka m'galimoto mwa njira imeneyo. Chitseko cha Anganga cha mbali imeneyo chimatseguka ndi chogwirira cha kunja chokha, ndiye a Macdonald anayamba ndi kulimbana nacho, kenako anatulutsa mutu ndi mapewa pawindo, duwa lija nkugwera m'ngalande. Wina atawatsegulira anatera pansi ndi bondo, nkudzuka, nkudumphira chigubucho ndi manja onse awiri.

"Usathire ameneyo."

"Bwanji atsibweni? Si dizilo wanu?"

"Ndati usathire. Akamwini, thamangani kufiling'i."

"Kufiling'i kuli mzere wofika kuchipatala," anatero Loyce, osasiya chigubucho. "Ameneyu ali ndi vuto lanji? Si yemweyu mwakhala mukuuza anthu kuti wachiritsa Anganga?"

Anayamba kukokana, mwana wa mlongo uku, mwini mbumba uku, dizilo akukhavukira pa suti yobwereka. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wamtali wa ku Thondwe, inayandikira nkufunsa mwaulemu ngati pali mwambo wina wa kuno umene iwo sanauzidwe. Monalisa anasuzumira pawindo, nsalu ya kumaso ataikweza, nkufunsa kuti adadi chikuchitika nchiyani, dzuwa likupita, zithunzi zidzada. Loyce anapendeketsanso chigubu, dontho loyamba nkugwera m'fanulo.

A Macdonald anayang'ana dontholo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ana phiri limene linali litavala nkhungu kumutu. Pakamwa panayankhula pasanapemphe chilolezo kwa mutu.

"Mukufuna kundiphera mwana paphompho? Dizilo ameneyo ndi wogulitsa, si wothira m'galimoto yathu!"

Ngakhale wa kamera anatsitsa kamera yake. A Macdonald anamva okha zimene ananena, nayesa kuzibweza, akuti iwo amatanthauza kuti dizilo amasiyana, wina ndi wa m'chigwa wina ndi wa m'phiri. Koma mawu ali ngati mkodzo, akatuluka sabwerera.

Woyamba kusuntha anali mayi Safina. Sanakalipe. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa mkulu wa mpingoyo, namanga bwino chitenje chake.

"A Macdonald, wanu mwana ndi wa paphompho. Nanga anga aja akudya gaga kunyumba, amenewo ndi ana a mbuzi? Paja mumatiphunzitsa Lamulungu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Kumbuyo kwawo a minibasi anali atayamba kuyandikira, mmodzi akupinda manja a malaya. Abusa anaima pakati msanga, nanena kuti lero ndi tsiku la chimwemwe, nkhani imeneyi ikambidwa Lolemba pabwalo la tchalitchi, ndipo aliyense amene ali ndi chigubu cha kachingwe kabuluu adzabwere nacho. Loyce anati iye adzafunika wilibala, chifukwa zake zili mulu kuseri kwa bafa, Anganga sanalaweko chimangireni mainjekita atsopano. Apa ndiye anthu anamvetsa zonse, phokoso linabuka ngati msika wa Lachisanu.

Loyce anachotsa fanulo, anapukuta dontho lija ndi nsonga ya chitenje, natseka thanki ndi dzanja lake. Chigubu anachisiya m'manja mwa mwini wake. Kenako anazungulira galimoto, anatsegula chitseko cha kutsogolo, nkukhala pampando umene atsibweni ake anautenthetsa.

Henderson anaima ndi makiyi m'manja. Munthu uyu, zaka zonsezi chikwatirire m'Chikanda, sitinamumvepo akuyamba yekha kuyankhula ndi apongozi ake. Anayandikira, anapinda mawondo monga mwa mwambo, nawatambasulira makiyiwo ndi manja awiri.

"Bambo, paja munati ukwati ukatha makiyi abwerere kwa eni mtundu. Ndipereke panopa, muyendetse ndinu, kapena ndiyambe ndakamusiya mwanayu kudamu?"

A Macdonald manja onse awiri anali atakumbatira chigubu. Anayang'ana makiyi, anayang'ana a minibasi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya banja limenelo anasowa mwambi.

"Pitani naye mwanayo," anatero ndi mawu ang'ono. "Muyende bwino m'makonamo."

Anganga analira ndi kiyi kamodzi. Anadutsa m'tauni mabaluni akuuluka, anayamba chitunda, anakhota makona onse aja osatsokomola ngakhale kamodzi, anyamata otsika ndi nkhuni panjinga akuwapatukira. Monalisa analira mpaka pakati pa phiri, koma atafika kudamu anapukuta maso, anadzola ufa wina, ndipo zithunzi zinatuluka bwino. Pa zonsezo bambo a mkwatibwi palibepo.

Lolemba zigubu zinabwerera kwa mwini wake, mulu wofika pawindo. Bwalo linagamula kuti a Macdonald adzutse chigayo cha mayi Safina asanakambe za ena onse, ndipo za makiyi a Anganga palibe anazitchulanso mpaka lero. Lachiwiri m'mawa anthu anawaona akutsikira m'tauni wapansi, mayi Safina ali pambuyo pawo ngati wapolisi, injekita ya chigayo itakulungidwa m'kansalu. Faheem anapukuta manambala, analowa m'kati, nabwera ndi mabokosi atatu. Dzanja la a Macdonald linayamba kulowera ku lagolide lija.

"Lotuwalo," anatero mayi Safina.